Malikhweru a poto, maola 20 ndi masiku 90: mmene wophunzira wa ku India amakhalira pa yunivesite ku America

Mwezi wa Ogasiti ukafika, pabwalo la ndege la Hyderabad, Chennai kapena Mumbai pamadzaza achinyamata okankha masutikesi awiriawiri, m'mbuyo mukubwera banja lonse, agogo omwe. Sutikesi iliyonse yayezedwa kale kangapo kunyumba kuti isapitirire makilogalamu 23, malire amene makampani ambiri a ndege amaika paulendo wa ku America. Awa ndi amene akukachita digiri yachiwiri kapena PhD. M'chaka cha maphunziro cha 2023/24, ku United States kunali ophunzira 331,602 ochokera ku India, ndipo aka kanali koyamba kuchokera mu 2009 kuti India ipose China pa chiwerengerochi. Oposa theka anali a maphunziro apamwamba, makamaka a zamakompyuta ndi uinjiniya. Gulu lalikulu kwambiri limachokera ku Telangana ndi Andhra Pradesh, kwa olankhula Chitelugu, moti kachisi wa Chilkur Balaji kufupi ndi Hyderabad anthu anangomutcha kachisi wa viza: wopempha amazungulira ka 11, viza ikatuluka amabwerera kukazungulira ka 108.

Kuyeza sutikesi kuja n'chiyambi chabe cha moyo wowerengera. Munthuyu kwa zaka zingapo azidzawerenga maola amene wagwira ntchito, masiku amene wakhala opanda ntchito, madola powasandutsa marupi m'mutu, ngakhale malikhweru a poto wake. Amene amaona zithunzi zake pa Instagram ataima pachipale chofewa sadziwa kuti zambiri zimene amachita, kuyambira chimene adye mpaka amene agone naye chipinda, zimalamulidwa ndi mapepala awiri: la viza ndi la ngongole.

Ngongole ndi chikalata cha I-20

Yunivesite ikamulandira imamutumizira chikalata chotchedwa I-20, chosonyeza maphunziro ake, tsiku loyamba ndi lomaliza, ndi ndalama zofunika pachaka. Asanapite kukafunsidwa ku ofesi ya kazembe amalipira madola 350 a kaundula wa ophunzira akunja wotchedwa SEVIS ndi madola 185 a viza ya F-1. Saloledwa kulowa m'dziko kukadali masiku oposa 30 sukulu isanatsegulidwe, n'chifukwa chake onse amafika nthawi imodzi, n'kumalimbirana nyumba zomwezo.

A PhD ambiri fizi salipira. Amalandira kangachepe mwezi ndi mwezi pogwira ntchito ya kafukufuku kapena yothandiza kuphunzitsa. A digiri yachiwiri ndiye ambiri amadzilipirira, ndipo ndalama zake ndi za ngongole. Ngongolezi zili mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake kumadzaonekera patsogolo. Banki ngati State Bank of India imabwereketsa m'marupi, ndipo ndalama zikakhala zambiri imafuna chikole, kawirikawiri nyumba ya makolo kapena munda. Makampani ngati Prodigy Finance ndi MPOWER amabwereketsa m'madola popanda chikole, koma chiwongoladzanja chimakhala chokwerako.

Ku India ndalama amaziwerenga m'ma lakh, ndipo lakh imodzi ndi 100,000. Mu 2014 dola imodzi inali marupi pafupifupi 60. Mu 2024 inali yoposa 83. Ndiye kuti madola 50,000 amene kale anali ma lakh 30 anafika pa ma lakh oposa 41 popanda yunivesite kukweza fizi ngakhale pang'ono. Wa ngongole ya marupi, ndalama ya kwawo ikamagwa iye ali pasukulu, zimene banki inavomereza zimaperewera pa semesita yomaliza. Koma akayamba kulandira malipiro a madola, kugwa komweko kumamuthandiza kubweza msanga. Wa ngongole ya madola zake n'zosemphana: akalephera kupeza ntchito ku America n'kubwerera kwawo, azibweza madola ndi malipiro a marupi, ndipo pamenepo mpovuta zedi. Chiwongoladzanja sichidikira kuti munthu amalize sukulu. Tiyerekeze ma lakh 40 pa 11 peresenti: pachaka pakuwonjezeka ma lakh 4.4 mwiniwake akadali m'kalasi.

Ndi nyumba ya makolo ili pachikole imeneyi imene imapangitsa mnyamata woti kwawo sanatsukepo mbale kukhala wotsuka mbale kukantini ya yunivesite, ndipo osadandaula.

Nyumba ya anthu asanu

Nyumba zambiri amazipeza asananyamuke, kudzera m'magulu a pa WhatsApp a amene alandiridwa pa yunivesite imodzi. Chofala ndi fulati ya zipinda ziwiri yokhalamo anthu anayi kapena asanu, wachisanuyo n'kumagona pabalaza kuseri kwa katani, lendi yake yocheperako. Posankhana safunsa za maphunziro. Amafunsa kuti umadya nyama kapena ayi, umalankhula chinenero chanji, umamwa mowa kapena ayi. Funso la nyamali n'lalikulu: pali ena sangalole kuti poto amene munaphikidwa nkhuku aphikiremo zawo, moti m'khitchini imodzi mumakhala mapoto ndi masiponji ogawidwa pawiri.

Mgwirizano wa lendi nthawi zambiri ndi wa miyezi 12, ndipo uli ndi msampha umene atsopano sauona. Onse osayina amasenza lendi yonse limodzi. Mmodzi akathawa mu Januwale, mwininyumba safunafuna wothawayo, amafuna ndalama yonse kwa otsala. Komanso munthu wongofika alibe mbiri ya ngongole m'dzikolo, choncho eni nyumba ena amafuna dipoziti yokulirapo kapena munthu womuimira. Tsiku lolowa, wochenjera amajambula banga lililonse la pakapeti ndi pakhoma, chifukwa potuluka zonsezo zimadulidwa padipoziti.

Nyumba imabwera yopanda kanthu. Mipando ndi matebulo otayidwa ndi amene akusamuka amatoledwa pambali pa bini, ndipo palibe cholakwika, kupatula matiresi ndi sofa. Izi zimabwera ndi nsikidzi, ndipo nsikidzi zikalowa m'nyumba ya kapeti, ndalama yozichotsera imaposa mtengo wa matiresi atsopano kangapo.

Kubafa nako kuli phunziro. Ku India bafa lonse ndi lonyowa, pansi pali ngalande, munthu amasamba ndi ndowa ndi kapu. Ku America pansi pa bafa palibe potulukira madzi kunja kwa beseni losambiramo. Wosamba monga kwawo, katani ili kunja kwa beseni, madzi amadutsa pansi n'kukadontha padenga la wokhala m'munsi. Ndipo poti kuchimbudzi kulibe kampope ka madzi kamene anazolowera, chimodzi mwa zinthu zoyamba kugula ndi kabotolo kofinya kapena kampope kolumikiza paipi ya thanki.

Khitchini

Apa tikhalitsepo, chifukwa moyo weniweni wa wophunzirayu uli pano. Kudya kulesitanti tsiku lililonse sikutheka: pamtengo wolembedwa amawonjezerapo msonkho, ndipo ukakhala pansi n'kupatsidwa chakudya uyenera kusiya ya woperekera, 15 mpaka 20 peresenti. Choncho aliyense amaphika, wodziwa ndi wosadziwa yemwe.

Chimene sichisowa m'sutikesi ndi poto wa nthunzi, wa Hawkins kapena Prestige, wa malita atatu kapena asanu. Mayi akamaphunzitsa mwana wawo pafoni satchula mphindi, amatchula malikhweru amene potoyo amaimba nthunzi ikachuluka. Ndiwo ya tsiku ndi tsiku ndi dal, ndipo yofala kwambiri ndi toor dal, amene ndi nandolo wathu yemweyu, wosenda ndi kuswa pakati. Wina mwa nandolo amene amadyedwa ku India amachokera kuno: mu 2021 India ndi Malawi anagwirizana za matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Kaphikidwe kake ndi aka. Kapu imodzi ya nandolo woswa imatsukidwa, n'kuviikidwa theka la ola, n'kuthiridwa m'poto ndi makapu atatu a madzi ndi theka la kasupuni ka haldi, ufa wachikasu uja. Poto asadzaze kupitirira theka, chifukwa nandolo amachita thovu, thovulo limatseka kabowo kotulukira nthunzi, kenako msuzi wachikasu umathovokera mpaka kudenga. Malikhweru atatu kapena anayi akwana. Mukazimitsa musatsegule, dikirani mphindi 10 kuti nthunzi ithe yokha.

Chimene chimasokoneza malangizo a mayi ndi mbaula. Kwawo amaphikira gasi, ukazimitsa moto watha. M'mafulati ambiri otchipa ku America muli mbaula yamagetsi ya waya wopota, imene imachedwa kutentha ndiponso imachedwa kuzizira. Ukazimitsa n'kusiya poto pomwepo, pansi pamapserera. Poto achotsedwe apite pambali. Mbaula yomweyi ndiyo imalepheretsa chapati kufufuma, chifukwa palibe lawi loti uiponyepo pomaliza. Ena amagula kawaya koika pamwamba pa mbaula, ambiri amangogonja n'kumagula zozizira za m'paketi. Mphira wa pachivundikiro cha poto umauma pakapita miyezi, nthunzi n'kumatulukira m'mbali, likhweru osalira. Odziwa amanyamuliratu mphira ziwiri kapena zitatu zapadera ndi kavavu kachitetezo, chifukwa m'sitolo wamba kumeneko sizipezeka.

Kenako pali tadka, imene imapatsa dal kukoma: masupuni awiri a mafuta kapena ghee, mafuta ochokera ku mkaka, amatenthetsedwa kwambiri, n'kuponyamo njere za mpiru mpaka zithetheke, kenako njere zonunkhira za jeera, tsabola wouma, adyo ndi kachidutswa ka hing, utomoni wa fungo lamphamvu, zonse n'kukhuthulira mu ndiwo. Zimatenga mphindi imodzi, koma utsi wake ndi wokwanira kuliza alamu ya moto. Chokoka utsi cha pamwamba pa mbaula m'nyumba zambiri sichitulutsira kunja, chimangobwezera mpweya m'khitchini momwemo. Nzeru yoipa imene imafala ndi yochotsa batire la alamu kapena kuivala pulasitiki. Kumeneko n'kuphwanya mgwirizano wa lendi, ndipo m'nyumba zamatabwa n'kusewera ndi moyo wa anthu. Chothandiza n'kutsegula zenera musanayambe, kuchepetsa moto, ndi kuvundikira kapoto njere zikayamba kuthetheka. Zitseko za kuchipinda zitsekedwe, jekete ikhale m'kabati, apo ayi fungo la anyezi ndi hing lipita nanu m'kalasi.

A kumwera kwa India amasowa idli, timikate tophikidwa ndi nthunzi, ndi dosa, chokazinga chopyapyala ngati chapati. Phala lake ndi magawo atatu kapena anayi a mpunga pa gawo limodzi la urad dal, mtundu wina wa mphodza, zoviikidwa padera, zoperedwa, n'kusiyidwa usiku wonse kuti zisase ndi kutupa. Ku Chennai zimatupa zokha. Ku Michigan mu Januwale sizitupa, phala limangokhala phee. Njira yake n'kuika mbale mu uvuni wozimitsa, n'kuyatsa kababu ka m'kati kokha, kutentha kwake n'kokwanira. Zimatenga maola 12 kapena kuposa. Chimodzimodzi dahi, chambiko chawo: mkaka uwiritsidwe, uzizire mpaka chala chizitha kupirira, muthiremo supuni ya chambiko chakale. Yogati wa m'sitolo wokhala ndi zolimbitsa amatulutsa chambiko chonanda, n'chifukwa chake mbewu yabwino ya chambiko imayenda nyumba ndi nyumba m'kabotolo ngati mankhwala. Makina operera ochokera kwawo osanyamula: ku India magetsi ndi a mavoti 230, ku America 120, motero makinawo amangong'ung'udza.

Pali zina zimene mayi amalongedza ndi chikondi koma zimathera mubini pabwalo la ndege. Mpunga wochokera ku India suloledwa m'katundu wa munthu chifukwa cha kachilombo kotchedwa khapra, kowononga mbewu m'nkhokwe ngati nankafumbwe. Masamba aawisi a curry, zipatso, mbewu zodzala ndi nyama n'zoletsedwanso. Zokometsera zouma zogaya ndi achari wotsekedwa bwino kawirikawiri zimadutsa. Lamulo lake n'limodzi: nena zonse zimene wanyamula. Chonenedwa chikakhala choletsedwa amangolanda. Chobisa chikapezeka pali chindapusa. Zotsalazo zimagulidwa kumasitolo a Amwenye, odziwika kwambiri ndi Patel Brothers, amene anayamba mu 1974 pa Devon Avenue ku Chicago. M'matauni aang'ono a yunivesite sitolo yotere imakhala kutali, ndipo amene ali ndi galimoto amasanduka mfumu Loweruka lililonse.

Wosadya nyama amaphunzira kuwerenga timalemba ta kuseri kwa paketi. Gelatin, wochokera ku mafupa ndi zikopa za nyama, ali m'maswiti ndi m'mayogati ena, msuzi wa nkhuku umabisala mumpunga wa kulesitanti, mafuta a nkhumba m'nyemba zokanya za ku Mexico, nsomba mu sosi wa zakudya za ku Thailand. Nkhaniyi si yaing'ono: mu 2002 McDonald's inavomera kupereka madola 10 miliyoni kumagulu a Ahindu ndi a osadya nyama pa mlandu wa zokometsera za ng'ombe m'tchipisi.

Maola 20

Popanda chilolezo chapadera, viza ya F-1 imalola ntchito ya pasukulu pokha, maola osapitirira 20 pasabata sukulu ili m'kati, ndi maola onse patchuthi. Ntchito zake ndi za kukantini, kulaibulale, kuchonga mapepala. Tiyerekeze malipiro a madola 14 pa ola: pasabata ndi 280, pamwezi 1,120 msonkho usanadulidwe. Zimakwana lendi ya chipinda chogawana ndi chakudya, koma fizi sizikhudza n'komwe. Mphoto yeniyeni ndi kukhala wothandiza pulofesa pa kuphunzitsa kapena pa kafukufuku, chifukwa m'mayunivesite ambiri ntchitoyi imachotsa fizi yonse kapena gawo lake. Nambala ya Social Security, imene boma limadziwira munthu pa zantchito ndi msonkho, imaperekedwa pokhapokha munthu atapeza ntchito, ndiye ntchito yoyamba, ngakhale yotsuka mapoto, imatsegula zitseko zina.

Chiyeso chachikulu ndi ganyu wa ndalama za m'manja kunja kwa sukulu: pamalo omwetsera mafuta, m'sitolo ya mowa, m'motelo, kawirikawiri kwa mnzawo wa kwawo. Aliyense amadziwa kuti zimachitika. Koma kugwidwa kumatanthauza kufufutidwa mu SEVIS, viza kutha, ngongole n'kutsala. Mashifiti amene amapatsidwa ndi ausiku, pamalo pomwe achifwamba amfuti amakonda, ndipo bwana akakana kulipira munthu amaopa kukadandaula. Njira zachidule zina n'zoipa kuposa apa. Mu Januwale 2019 zinadziwika kuti University of Farmington ku Michigan inali yabodza, yokhazikitsidwa ndi a zolowa ndi kutuluka eniakewo ngati msampha: kunalibe makalasi kapena aphunzitsi, koma analembetsa oposa 600, pafupifupi onse a ku India, ndipo ambiri anamangidwa ndi kuthamangitsidwa.

Timalamulo ting'onoting'ono timagwetsanso anthu. Ukasamuka, ofesi ya ophunzira akunja idziwe pasanathe masiku 10. Usasiye phunziro n'kutsika pansi pa mlingo wa wophunzira wa nthawi zonse, umene m'mayunivesite ambiri ndi makirediti 9, usanapemphe chilolezo. Fomu ya msonkho ya 8843 imatumizidwa chaka chilichonse ngakhale sunalandire kalikonse. Amene analandira malipiro amadzazanso 1040-NR pofika pa 15 Epulo. Apa a ku India ali ndi mwayi umene ophunzira a mayiko ena alibe: mgwirizano wa msonkho wa mayiko awiriwa, pa ndime 21, umawalola kuchotsera gawo losadulidwa msonkho monga nzika. Cholakwika chofala n'kugwiritsa ntchito pulogalamu ya msonkho ya nzika, imene imadzaza fomu yosayenera. Ndipo foni yonena kuti ndi a boma, ulipire lero ndi makadi ogulira zinthu apo ayi umangidwa, ndi ya akuba nthawi zonse.

M'kalasi

Kuitana pulofesa ndi dzina lake loyamba kumamuvuta munthu amene wakula akunena "sir" ndi "madam" ndi kuimirira mphunzitsi akalowa. Ena amatha chaka chonse akuzemba kutchula dzina. Kapukusidwe ka mutu ka kwawo, kotanthauza kuti ndamva, pulofesa amakaona ngati kukana. Izi n'zoseketsa chabe. Chosaseketsa ndi nkhani ya kuonerana. M'makoleji ambiri kwawo chimene chimawerengedwa ndi mayeso omaliza, ndipo kupatsa mnzako asayimenti kuti aonere ndi ubale. Ku America asayimenti ya sabata iliyonse ili ndi malikisi, mapulogalamu a kompyuta amafananitsa ntchito za kalasi yonse ndi za zaka zam'mbuyo, ndipo wopereka amalangidwa chimodzimodzi ndi wokopera. Kusintha mayina a zinthu mu pulogalamu ya kompyuta yokoperayo sikupusitsa makinawo. Zotsatira zake ndi kulephera phunzirolo kapena kuimitsidwa, ndipo woimitsidwa sukulu viza yake yagwa. Avereji ikatsika pansi pa 3.0 pa 4.0, mayunivesite ambiri amachenjeza, ndipo ntchito ya uthandizi ija imatha kuchoka.

Wa PhD moyo wake uli m'manja mwa munthu mmodzi, pulofesa womuyang'anira, amene amasunga malipiro, siginecha ndi tsiku lomaliza. Musanasankhe, funsani ophunzira ake akale, osati apano okha: amatha zaka zingati, ndipo ndi angati anasiyira panjira.

Thupi ndi nyengo

Asanayambe makalasi amafunika umboni wa katemera wa chikuku ndi kuyezedwa chifuwa chachikulu. Poti ku India ana amabayidwa katemera wa chifuwa chachikulu wa BCG, kuyeza kwa pakhungu kumatha kuonetsa matenda pomwe palibe. Kuyeza magazi ndiko kodalirika. Inshuwalansi ya zaumoyo ndi yokakamiza, koma kukhala nayo sikutanthauza kuti chipatala n'chaulere: pali gawo loyamba limene umalipira wekha, ndipo chipatala chimene sichili pamndandanda wa kampaniyo chimadula moopsa. Chimfine ndi malungo wamba n'za kukiliniki ya pasukulu, osati kuchipinda cha odwala mwadzidzidzi. Mano ndi maso kawirikawiri sizikhalamo, n'chifukwa chake odziwa amakonzetsa mano ndi kudulitsa magalasi awiri asananyamuke.

Jekete yogula ku Hyderabad siithandiza ku Chicago. Igulidwe komweko, pamodzi ndi nsapato zosaterereka. Koma chimene chimafooketsa kwenikweni si kuzizira, ndi mdima. Mu Disembala ku Boston ndi Chicago dzuwa limalowa 4:30 isanakwane. Ndi nthawi yomweyo ya mayeso, anzawo a komweko apita kwawo ku Khirisimasi, tauni yatsala zii. Uphungu wa zamaganizo ulipo pasukulu, nthawi zambiri waulere, koma ambiri sapitako poopa kuti nkhani ifika kwawo, pomwe lamulo silola kuti ifike.

Mawotchi awiri

Foni yake imasonyeza nthawi ziwiri. India ili patsogolo pa New York ndi maola 9 ndi theka kuyambira Malichi, ndi maola 10 ndi theka kuyambira Novembala, chifukwa America imasintha mawotchi pomwe India sisintha. Ku California kusiyana ndi maola 12 ndi theka kapena 13 ndi theka. Makolo amasokonezeka kawiri pachaka. Nthawi yoimbirana ndi m'mawa asanapite m'kalasi kapena usiku asanagone, ndipo funso loyamba la Amma, kutanthauza mayi, silisintha: wadya? Yankho ndi eya nthawi zonse, ngakhale chadyedwa ndi manudozi a m'paketi a Maggi kachitatu sabata yomweyo. Simu khadi ya kwawo isafe, chifukwa manambala achinsinsi a banki ya ku India amabwera pa nambala imeneyo. Ikafa, ndalama ya fizi imakanirira pa nthawi yoipitsitsa.

Amene anafika chaka chatha ndiwo makolo a kumeneko. Amatchedwa anna kapena akka kwa a kumwera, bhaiya kapena didi kwa a kumpoto, kutanthauza achimwene ndi achemwali. Ndiwo amakatenga atsopano kubwalo la ndege, kuwagoneka pabalaza sabata yoyamba, kuwauza pulofesa woti amupewe. Koma musaganize kuti onse ndi amodzi. Malamulo a dziko la India amatchula zinenero 22, ndipo Mtelugu ndi Mtamil ndi wa ku Punjab amalankhulana Chingerezi. Magulu amagawikana potsata chinenero, ndipo nthawi zina potsata mtundu wobadwa nawo wa caste, umene umafufuzidwa mochenjera pofunsa dzina la bambo kapena ngati umadya nyama. Vutoli linafika poti California State University inaliika m'malamulo ake oletsa tsankho mu 2022, ndipo mzinda wa Seattle unachita chimodzimodzi mu Febuluwale 2023.

Diwali, chikondwerero cha nyali cha Ahindu, imagwa mu Okutobala kapena Novembala, pakatikati pa semesita, tsiku la kalasi ngati lina lililonse. Bungwe la ophunzira a ku India limaisunthira Loweruka, muholo ya yunivesite, ndi magule ndi biryani. Makombola ndi nyali zamoto m'fulati n'zoletsedwa, ndiye amayatsa timagetsi ta batire. Chimene chimawasonkhanitsa onse popanda kufunsana chinenero ndi cricket. Masewero a ligi ya kwawo ya IPL a 7:30 madzulo ku India amakhala 10 koloko m'mawa ku New York, motero mu Epulo malaputopu ambiri m'laibulale ali ndi kawindo kobisika. Kusewera kumachitikira pamalo oimika magalimoto Lamlungu m'mawa, ndi mpira wa tenisi wokulungidwa tepi ya magetsi kuti ulemere, bini ikuimira timitengo. Pa 6 Juni 2024 timu ya America inagonjetsa Pakistan pa World Cup ya cricket ya T20 ku Texas, ndipo amene anaponya mipira yomaliza anali Saurabh Netravalkar, wobadwira ku Mumbai, amene anapita ku Cornell mu 2015 kukachita digiri yachiwiri ya zamakompyuta n'kulembedwa ntchito ku Oracle. Wophunzira aliyense wa ku India anadziona yekha mwa iye, makamaka pomva kuti anachita kupempha tchuthi kuntchito.

Masiku 90

Kusaka ntchito kumayamba munthu asanazolowere n'komwe basi ya pasukulu. Chilolezo chogwira ntchito yophunzirira kukampani, CPT, chimaperekedwa ukamaliza chaka chimodzi cha maphunziro, ndiye wofika mu Ogasiti angagwire kuyambira Meyi wotsatira. Koma makampani akuluakulu amayamba kulemba mu Seputembala ndi Okutobala. Wofika mu Januwale kawirikawiri amaphonya tchuthi choyamba chachitali chifukwa chaka sichinakwane, chinthu chimene ambiri amachizindikira atafika kale. Ndipo amene wagwira CPT ya maola onse kwa miyezi 12 wataya OPT, chilolezo chogwira ntchito maphunziro akatha.

OPT ndi miyezi 12 yogwira ntchito ukamaliza. Pempho lingatumizidwe kutatsala masiku 90 kuti maphunziro athe, mpaka masiku 60 atatha, komanso pasanathe masiku 30 ofesi ya pasukulu itavomereza. Kuphonya limodzi mwa masiku amenewa pempho limakanidwa. Ntchito siyambika khadi la chilolezocho lisanafike m'manja. Kuyambira tsiku lolembedwa pakhadipo, wotchi imayamba: masiku okhala opanda ntchito asapitirire 90, Loweruka ndi Lamlungu omwe. A sayansi, uinjiniya ndi masamu angawonjezere miyezi 24 ngati kampani ili mu E-Verify, ndondomeko ya boma yotsimikizira kuti wantchito ali ndi chilolezo, ndipo masiku aja amakhala 150 onse pamodzi. Ichi ndicho chifukwa chenicheni chimene ngakhale masukulu a zamalonda amalembetsera madigiri awo m'gulu la sayansi.

Zaka zitatuzo ndi mwayi utatu wolowa m'maere a viza ya ntchito ya H-1B, amene amachitika mu Malichi: malo 65,000, ndi ena 20,000 owonjezera a amene ali ndi digiri yapamwamba ya ku America. Oposa 70 pa 100 alionse amene amalandira vizayi ndi a ku India. Malamulo ake sakhazikika; mu Seputembala 2025 boma la Donald Trump linalengeza ndalama ya madola 100,000 pa mapempho ena atsopano. Wopambana maere akadali kutali, chifukwa chilolezo chokhaliratu chili ndi malire a 7 peresenti pa dziko lililonse, India chimodzimodzi ndi dziko la anthu ochepa, ndipo mzere wa a ku India ndi wa zaka zoposa khumi. Pakati pa zonsezi makolo ayamba kutumiza zithunzi za mbeta kapena anyamata, ndipo mfundo imene mabanja amafunsana ndi mtundu wa viza: wobwera pa F-2 ngati mkazi kapena mwamuna wa wophunzira saloledwa kugwira ntchito ina iliyonse.

Ulendo wa kumudzi nawo ngwowerengera. Ndege yosaima kuchokera ku New York kupita ku Delhi imatenga maola 14 kapena kuposa, ndipo matikiti a Disembala amagulidwa miyezi ingapo m'mbuyo. Pa I-20 payenera kukhala siginecha ya ulendo, imene imagwira ntchito miyezi 12, koma 6 yokha kwa wa OPT. Chidindo cha viza m'pasipoti chikatha, kukhala m'dzikomo n'kololedwa malinga mapepala ena ali bwino, koma ukatuluka sungabwerere usanadinditse china ku ofesi ya kazembe, ndipo a maphunziro ena a sayansi pempho lawo limatha kuimikidwa masabata ambiri likufufuzidwa. N'chifukwa chake ena amaonera ukwati wa mlongo wawo, ngakhale maliro a agogo, pafoni. Amene wakwanitsa kupita amanyamula chokoleti, mavitamini ndi mafuta onunkhira a azakhali onse. Pobwerera makilogalamu 23 aja ndi a zokometsera zogayidwa kunyumba, mphira zatsopano za poto, ndi achari wa mango wa Amma. Achariyo asakhale m'botolo lagalasi kapena m'chikwama cha m'manja: athiridwe m'mapepala apulasitiki awiri omatidwa ndi moto, alowe m'kontena yotsekedwa ndi tepi, ndipo kontenayo ikhale kutali ndi suti ya ku intavyu, chifukwa mafuta ake ofiira akadontha sachoka.